Usiku Umene Tinamwetsa Kalulu Mafuta

Abale ndi alongo amene muli kuno ku Ireland, ndi inu nonse amene muli m'mayiko ena kumene moyo unakutengerani, tikudziwa kuti ena mwa inu mwaseka kale mutangoona mutu wa nkhaniyi. Sekani ndithu, pakuti nafenso kale tikanaseka. Kwathu ku Bembeke, m'boma la Dedza, kalulu ali ndi malo awiri okha: m'nthano za madzulo, mmene amapusitsa Njovu ndi Fisi, ndi mumphika. Panalibe wotilosera kuti tsiku lina, imvi zitayamba kale kutuluka, tidzakhala m'galimoto usiku, mwana akusisima kumpando wakumbuyo, tikuthamangira kuchipatala cha ziweto ndi kalulu wofunditsidwa thaulo. Koma zinachitika, ndipo taganiza zoti tikufotokozereni, chifukwa m'nyumba zambiri za Amalawi kunja kuno muli ana amene akusunga tinyama totere, komanso muli makolo onga ife, amene mankhwala awo oyamba a m'mimba ndi botolo la mafuta.

Timakhala ku Swords, tawuni ya kumpoto kwa Dublin, kufupi ndi bwalo la ndege. Kalembera wa 2022 anapeza kuti muno muli anthu oposa 40,000, ndipo pakati pawo pali obwera ochuluka ndithu onga ife. Ntchito yathu ndi yoona za chisamaliro cha ana ndi mabanja. Tsiku ndi tsiku timalowa m'nyumba za anthu, kukhala pansi ndi kumvetsera, ndipo phunziro lalikulu limene ntchitoyi yatipatsa ndi lakuti mwana amene ali pamavuto nthawi zambiri sakuwa, amangoti zii. Komabe kumayambiriro kwa 2021, sukulu zitatsekedwanso chifukwa cha mliri wa Covid-19, panapita masabata angapo tisanazindikire kuti mzime wathu, mtsikana wa zaka 9 panthawiyo, wasiya kuseka. Diso limene linazolowera kuona za m'nyumba za eni linachedwa kuona za m'nyumba mwathu.

Mwanayo anapempha galu, koma mwini nyumba imene timachita lendi anakana. Anapempha mphaka, anakananso. Pa kalulu anavomera, mwina poganiza kuti kanyama kotere sikangawononge kanthu. Tinabwera naye wamphongo, wa makutu ogwa, wa ubweya wofiirira. Mwana anamutcha Biscuit. Bambo ake, mwanthabwala, anamutcha Ndiwo, ndipo dzina lachiwirili linawoloka nyanja n'kukafika ku Bembeke, kumene agogo ake a mwanayo sadziwanso lina. Patangopita mwezi umodzi m'nyumba munamvekanso phwete. Mwana ankalemba homuweki atakhala pansi, kalulu atagona pambali pake, ndipo ankamuuza zinthu zimene ife sankatiuza. Tsiku lina titaima kuseri kwa chitseko tinamumva akudandaulira kaluluyo kuti anzake ena kusukulu amamuseka tsitsi, nkhani imene tinali tisanaimvepo. Tikunena izi kuti mumvetse kuti chimene chinali pangozi usiku umene tikufuna kufotokozawu chinali choposa kalulu.

Kulakwa kwathu kunayamba kale ndithu, pa mbale ya chakudya. Ku sitolo tinapeza thumba la chakudya cha akalulu chooneka bwino: tinthu tofiira, tobiriwira, tachikasu, chimanga chophwanya, nsawawa zouma ndi mbewu zina. Tinagulanso thumba la udzu wouma, umene amaulemba kuti hay, koma umenewo tinkangomuyalira kuti agonepo. Mumtima tinkati udzu ndi chakudya cha kalulu wa kumudzi, wa ku Ulaya ayenera kudya zabwino. Pamwamba pake tinkadontheza mafuta a m'kabotolo, amene ankati amawalitsa ubweya ndi kufewetsa m'mimba. Biscuit ankasankha tinthu totsekemera n'kusiya tina tonse, ndipo ife tinkasangalala kumuona akunenepa. Kwathu kunenepa kwa chiweto ndi ulemu wa mwini wake.

Pa 31 October 2023, usiku wa Halloween, makombola anaphulika m'dera lathu kuyambira madzulo mpaka pakati pa usiku, monga mmene zimakhalira ku Dublin chaka chilichonse. Inalinso nyengo imene kaluluyo ankathothoka ubweya. Anabisala kuseri kwa sofa, maso ali tong'o, ndipo sanatuluke. M'mawa mwake sanathamangire mbale monga mwa masiku onse. Anakhala pakona atadzipinda, akukukuta mano. Ife tinati ndi mantha chabe, atha okha, n'kupita kuntchito. Sabata imeneyo ana anali patchuthi chapakati pa teremu, choncho mwana anatsala naye tsiku lonse pamodzi ndi mchimwene wake wamkulu. Masana anatiimbira foni. "Amayi, sakudya. Ndamupatsa karoti wakana. Ndipo m'bokosi mwake mulibe timibulu tatsopano. Tadzulo ndi tating'onoting'ono, touma." Tinamuyankha mmene makolo otanganidwa amayankhira, kuti adikire tifike.

Titafika madzulo tinamugwira pamimba, tinaona kuti makutu ake ndi ozizira, ndipo nthawi yomweyo tinagamula mlandu: wadzimbidwa. Mawu amenewa kwa Mmalawi ali ndi yankho lake lokonzeka. Ife tinakula ndi mafuta a nsatsi a m'botolo, amene mayi ankatimwetsa atatitsina mphuno, ndipo mawa lake zonse zinkayenda. Tinakula tikumva kuti m'mimba mumafunika kutsuka nthawi ndi nthawi. Tinaimbira mayi kumudzi pa WhatsApp, pakuti iwo asunga ziweto moyo wawo wonse. Atamaliza kuseka anati, "Mwana wanga, nanga chovuta n'chiyani pamenepo? Kodi waiwala mbuzi ija inatupa mimba mvula yoyamba itagwa? Si mafuta ophikira amene tinaimwetsa, n'kugeya, n'kudzuka? Mumwetseni mafuta Ndiwoyo."

Tinatenga sirinji ya mankhwala a ana, n'kupopa mafuta ophikira odzaza kasupuni ka tiyi. Bambo ake anamugwira, ife n'kumuthira m'kamwa. Anaphupha, anayetsemula, mafuta ena n'kutsikira pachibwano. Tinadikira ola limodzi, palibe chinasintha. Kenaka tinalowa pa intaneti, ndipo kumeneko tinapeza alangizi ambirimbiri. Ena ankati m'mimba mwake mwaundana mpira wa ubweya, choncho tim'patse madzi a chinanazi kapena papaya kuti ubweyawo usungunuke. Ena ankati tigule mafuta aja olimba ngati uchi amene amapatsa amphaka kuti ubweya utuluke. Enanso ankati mankhwala enieni ndi liquid paraffin, mafuta otsegula m'mimba amene amagulitsa ku famase. Bambo ake anali atavala kale jekete kuti akagule famase isanatseke.

Apa tiyenera kunena chilungamo, ngakhale chili chochititsa manyazi. Tinkadziwa kuti kuli madokotala a ziweto amene amagwira ntchito usiku. Chimene chinkatiletsa ndi ndalama, komanso china cholemera kuposa ndalama. Tinkadziwa kuti mtengo wa usiku umodzi ukhoza kuposa zimene timatumiza kumudzi pamwezi. Inali nyengo yogula feteleza, ndipo panali mwana wa mlongo wathu amene ankadikira fizi. Munthu ungayang'ane bwanji abale ako kumaso, iwo akudziwa kuti ndalama ya matumba a feteleza yapita pa kalulu? Ambiri a inu mukuudziwa mtolo umenewu. Timakhala kuno, koma ndalama iliyonse imene timagwiritsa ntchito timaiwerengera m'makwacha, ndipo pambali pa lisiti iliyonse pamaima nkhope ya munthu wa kumudzi. Botolo la mafuta linali njira yothawira funso limeneli. Linkatilola kunena kuti tachitapo kanthu, popanda kulipira kanthu.

Mwana anaima pakhomo. Iye Chichewa amamva bwino koma amalankhula movutikira, ndipo kawirikawiri amatiyankha m'Chingerezi. Usiku umenewo anasankha Chichewa, mawu ena akuwapotoza. Anati, "Amayi, inu mumanena kuti mwana akasiya kulankhula ndiye kuti pali chinthu chachikulu. Biscuit salankhula. Iye wasiya kudya. Ndi chimodzimodzi." Anatisonyeza zimene anawerenga masana onse, kuti kalulu akatha maola 12 osadya kapena osatulutsa ndowe, imeneyo ndi ngozi yofuna dokotala tsiku lomwelo. Biscuit anali atatha maola oposa 20. Tinayang'anizana ndi bambo ake. Malamulo a dziko lino, makamaka lamulo la 2013 la umoyo ndi chisamaliro cha nyama, amati amene akusunga nyama ali ndi udindo woiteteza ku mazunzo. Koma chimene chinatikweza m'galimoto si lamulo. Tinaona kuti ngati kaluluyo afa usiku umenewo ife tikuyesa mafuta, mwana adzaphunzira kuti zimene amayi ake amalalikira kuntchito zimathera pachipata cha nyumba yawo. Walira mvula walira matope: tinamulandira kalulu pamene ankatithandiza, sitikanamukana pamene ankafuna thandizo.

Dokotala amene tinamupeza anali mayi wachitsikana wodekha. Funso lake loyamba linali lakuti wadya liti komaliza, lachiwiri lakuti tamupatsa chiyani. Titatchula mafuta sanatidzudzule. Anangomvetsera mapapo ake kwa nthawi yaitali, kenaka n'kutipempha kuti tisadzachitenso. Anamuyeza kutentha kwa thupi, kumene mwa kalulu wathanzi kumakhala pakati pa madigiri 38.5 ndi 40, napeza kuti kwatsika. Anatenga kadontho ka magazi kukhutu kuti aone shuga, namujambula X-ray. Anafotokoza kuti asanachite china chilichonse ayenera kudziwa chimodzi mwa ziwiri: kodi matumbo angofooka n'kusiya kuyenda, kapena atsekeka ndi chinthu? Matenda awiriwa kunja amaoneka ofanana, koma thandizo la loyamba likhoza kupha kalulu amene ali ndi lachiwiri. Matumbo akatsekeka, chifu chimafufuma msanga n'kulimba ngati ng'oma, nyama ikhoza kufa m'maola ochepa, ndipo nthawi zina pamafunika opaleshoni. Kumukakamiza chakudya kapena mankhwala otsegula m'mimba pamenepo ndi kuthira madzi mumtsuko wodzaza kale umene ulibe potulukira. Pambuyo pake tinadzawerenga kuti kuyeza shuga kuja kunachokera pa ntchito ya Frances Harcourt-Brown, dokotala wa ziweto wa ku Harrogate ku England, amene buku lake la matenda a akalulu linatuluka mu 2002. Mu 2012 iye anasonyeza kuti akalulu amene matumbo awo atsekeka shuga wawo amakwera kwambiri kuposa amene matumbo awo angofooka.

Mwamwayi Biscuit anali m'gulu la ofooka matumbo. Anamubaya madzi pansi pa khungu, anamupatsa mankhwala opha ululu ndi ena othandiza matumbo kuyambanso kuyenda, namuika pamalo ofunda. Pamene tinkadikira, dokotala uja anatifotokozera za mimba ya kalulu, ndipo zimene tinamva usiku umenewo, pamodzi ndi zimene tawerenga kuyambira pamenepo, ndi zimene tikufuna kukusiyirani.

Kalulu sasanza. Khomo la chifu chake ndi lolimba kotero kuti cholowa chalowa, njira yake ndi imodzi yokha. Alibenso chifu cha zipinda zinayi monga mbuzi kapena ng'ombe, ndipo sabzikula. Ntchito yaikulu yogaya chakudya imachitikira kumapeto, m'thumbo lalikulu lotchedwa caecum, mmene mumakhala tizilombo tabwino tosawerengeka timene timaphwanya udzu. Zokhakhala za mu udzu zimene sizigayika ndi zimene zimakankha matumbo kuti aziyenda usana ndi usiku, ndipo zimatuluka ngati timibulu touma tija, toposa 200 patsiku. Zofewa zimalowa m'thumbo lija, n'kutuluka ngati ndowe ina yonyowa imene kalulu amaidyanso kuti apeze mavitamini ndi zomanga thupi. Ndi makina amene sayenera kuima. Akaima chifukwa cha ululu, mantha, kusowa madzi kapena kuchepa kwa udzu, zimene zili m'chifu zimayamba kuuma, mpweya umadzaza, ululu umakula, kalulu amakaniratu kudya, ndipo kusadyako kumaimitsanso matumbo. Kalulu wonenepa ngati wathu akakhala osadya, mafuta a m'thupi amathamangira kuchiwindi n'kuchiwononga m'masiku ochepa.

Nanga mpira wa ubweya uja? Kwa zaka zambiri ngakhale madokotala ankakhulupirira kuti ubweya ndi umene umayambitsa matendawa, ndipo malangizo a chinanazi ndi mafuta amene akadali pa intaneti ndi otsalira a nthawi imeneyo. Lero zikudziwika kuti m'chifu mwa kalulu aliyense wathanzi mumakhala ubweya, pakuti amadzinyambita tsiku lonse, ndipo umatuluka wokha matumbo akamayenda bwino. Kawirikawiri umaundana chifukwa matumbo afooka kale. Madzi a chinanazi sasungunula ubweya, ndipo shuga wake amasokoneza tizilombo tabwino tija. Chimene chimbulu chouma cha m'chifu chimafuna ndi madzi, kuti chifewe n'kuyamba kusuntha. Mafuta amachita zosiyana ndi zimenezo: amachikuta kunja, madzi n'kulephera kulowa, monga mmene madzi amatsetserekera pa mbale ya mafuta. Choopsa china ndi chakuti mafuta akathiridwa m'kamwa mwa nyama imene ikulimbana, ena akhoza kulowera kumapapo n'kuyambitsa chibayo chovuta kuchiza, makamaka liquid paraffin amene alibe kakomedwe kochititsa nyama kumeza. N'chifukwa chake dokotala anamvetsera mapapo nthawi yaitali chotero. Mankhwala otsegula m'mimba a anthu, monga mafuta a nsatsi, amagwira ntchito potakasa matumbo mwamphamvu ndi kukokera madzi m'matumbomo, zimene kwa kanyama ka makilogalamu awiri kouma kale m'thupi ndi kukawonjezera mavuto. Ngakhale mafuta a m'kabotolo owalitsa ubweya aja analibe ntchito kwa iye. Thupi la kalulu linapangidwira chakudya cha mafuta ochepa kwambiri, ndipo owonjezerawo ankangomunenepetsa.

Tinafunsanso za mbuzi ya mayi. Dokotala anamwetulira n'kunena kuti mayi sanalakwe. Mbuzi kapena ng'ombe ikadya msipu wanthete wonyowa, m'chifu chake chachikulu mumapangika thovu limene limatsekera mpweya, ndipo mafuta ophikira amaphwanya thovulo kuti nyama igeye. Alimi a kuno ku Ireland nawonso amaidziwa njira imeneyi. Nzeru ya mayi inali yoona, koma inali ya mimba ina.

Tinabwerera naye kunyumba m'mawa mwake, ndipo masiku atatu otsatira tinkamudyetsa ndi sirinji phala la udzu wopera limene anatipatsa kuchipatala, pang'onopang'ono, maola angapo alionse, usiku womwe. Tinkasinthana ngati pa matenda a munthu. Tsiku lachiwiri, mbandakucha, mwana anatidzutsa akukuwa. Anali atanyamula m'kapepala timibulu tisanu, tating'ono, topindika, tina tolumikizana ndi ubweya ngati mikanda. Sitinaganizepo kuti banja la anthu ophunzira lingaimirire m'khitchini 5 koloko m'mawa likukondwerera ndowe ya kalulu, koma bambo ake, mwini dzina la Ndiwo, ndi amene anayamba kuwomba m'manja.

Atapezako mphamvu anamuyang'ana m'kamwa bwinobwino, ndipo ndi mmene gwero la zonse linaonekera. Kalulu ali ndi mano 28, ndipo onse amakula moyo wake wonse, akutsogolo pafupifupi mamilimita awiri pasabata. Chimene chimawaperesa ndi kutafuna udzu kwa maola ambiri. Mano a m'mbali a Biscuit anali atamera timinga timene tinkamucheka lilime. Anali akumva ululu kwa miyezi, akudya mochepa, osaonetsa, pakuti nyama imene imadyedwa ndi zinzake imabisa matenda kuti adani asaione kufooka. Makombola anangomaliza zimene mbale yathu inayamba. Mu 2013 akatswiri a sukulu ya madokotala a ziweto ya pa yunivesite ya Edinburgh, motsogozedwa ndi Pulofesa Anna Meredith, anasonyeza kuti chakudya chosakaniza chamitundumitundu chija chimayenderana ndi matenda a mano, kunenepa ndi kufooka kwa matumbo, ndipo masitolo ena akuluakulu a ku Britain anasiya kuchigulitsa. Ife tinali tikuchigulabe zaka 10 pambuyo pake. Safunsa anadya phula.

Chimene chinatipweteka mtima kwambiri ndi kukumbukira akalulu a mayi. Ali m'khola la mitengo kuseri kwa nkhokwe, akudya udzu, chisoso, kholowa, masamba a nthochi, ndi gaga pang'ono chabe. Mayi sanawerengepo za caecum, koma ankawapatsa chimene mimba yawo imafuna. Kalulu woweta aliyense, wa ku Bembeke kapena wa ku Swords, makolo ake ndi a ku Spain ndi Portugal, kumene ankakhalira udzu wouma wokhakhala. Kuno ku Ireland anabwera ndi Anormani chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100, ndipo chilumba cha Lambay, chimene chimaoneka munthu akaima kugombe la Portrane kufupi ndi kuno, ndi amodzi mwa malo oyamba amene ankawasungirako. Ndi wosiyana ndi kalulu wakutchire wa m'nthano zathu, koma onse ndi ana a udzu. Ife pochoka kwathu tinanyamula nzeru ziwiri. Ya udzu, imene inali yoyenera kalulu, tinaitaya chifukwa inkaoneka yaumphawi. Ya mafuta, imene inali ya mbuzi ndi ya anthu, ndi imene tinaisunga mpaka tsiku la ngozi.

Pa ntchito yathu timakumana ndi zotere kawirikawiri. Mwana akasiya kudya, akayamba kukodza pogona kapena kujomba kusukulu, banja limafuna chinthu chimodzi chomumwetsa kuti vuto lituluke: chilango, mankhwala, kapena kumutumiza kumudzi. Ife timawapempha kuti adekhe, tifufuze kaye chimene chikumupweteka. Mawu amenewa tawanena m'nyumba zambirimbiri, koma usiku umenewo amene anawakumbukira anali mwana wa zaka 11.

Kwa inu amene ana anu akusunga akalulu, nazi zimene tinaphunzira titalipira. Udzu wouma ukhale chakudya chachikulu, pafupifupi magawo 85 pa 100, mulu waukulu ngati thupi lake tsiku lililonse. Onjezerani masamba obiriwira odzaza dzanja, ndi timibulu ta m'sitolo ta mtundu umodzi, supuni imodzi kapena ziwiri basi. Karoti ndi zipatso ndi switi, zikhale za apo ndi apo. Madzi asasowe, ndipo ambiri amamwa bwino m'mbale kusiyana ndi m'botolo. Nyengo yothothoka ubweya muzimupesa. Muziyang'ana m'bokosi mwake m'mawa uliwonse, pakuti ndowe ndi kalata imene kalulu amakulemberani: timibulu tikachepa, tikachepa msinkhu kapena tikasowa, musadikire mawa. Musamumwetse mafuta a mtundu uliwonse kapena mankhwala otsegula m'mimba, ndipo musamukakamize chakudya dokotala asanatsimikize kuti matumbo sanatsekeke. Mufunditseni, mupite naye. Tikudziwanso kuti m'masutikesi ambiri ochokera kwathu mumabwera makapisozi a amoxicillin: amenewo kwa kalulu ndi poizoni, chifukwa amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo, ndipo akhoza kumupha. Funsiranitu lero chipatala chimene chimalandira akalulu usiku, ndipo muziika kandalama pambali. Kalulu wosamalidwa amakhala zaka 8 mpaka 12, choncho amene sali wokonzeka kusenza zimenezi ndi bwino amukanize mwana pachiyambi pomwe.

Za feteleza tinaziona. Mwezi umenewo tinatumiza mochedwa ndi masabata awiri, ndipo Khirisimasi ya 2023 m'nyumba mwathu inali yopanda zambiri. Mayi tinawauza zoona. Anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa kuti mdzukulu wawo ali bwanji. Titawauza kuti wagona tulo koyamba patatha masiku anayi, anati, "Ndiye kuti mwachiza awiri." Sanabwerezenso za ndalamazo, ngakhale tikudziwa kuti nkhaniyi inazungulira mudzi wonse, ndipo tikadzapita kwathu tidzaimva pa maliro ndi pa ukwati pomwe.

Masiku ano Loweruka m'mawa timayenda ndi mwana m'mbali mwa mtsinje wa Ward, iye akutiphunzitsa mayina a zomera za kuno. Chisoso kuno kulibe, koma kuseri kwa nyumba yathu tinasiya kachigawo kosatchetcha, kosathira mankhwala, kumene kumamera dandelion ndi udzu wautali, ndipo ndi kumene timamuthyolera Biscuit ndiwo zake, atalandira katemera wake wa chaka ndi chaka. Mwana anajambula masambawo n'kutumizira agogo ake, iwo n'kumutumizira chithunzi cha chisoso, ndipo anakambirana za zomera kwa theka la ola m'Chichewa, nthawi yaitali kuposa ina iliyonse imene awiriwa analankhulanapo. Tsopano Lamlungu lililonse mayi akaimba, akatha kufunsa za ife, za bambo ake ndi za ana, amatsiriza ndi funso limodzi: "Nanga Ndiwo wadya udzu lero?"